Pepala la khansa lalemba kuti FOLR1 positive: muliwerenge bwanji, mufunse chani kwa adokotala

Miyezi ingapo yapitayo msuweni wanga wa ku Indiana anaponya chithunzi cha pepala la kuchipatala pa gulu la banja la pa WhatsApp, pepala la mayi ake omwe akulandira chithandizo cha khansa komweko, nde chakumunsi kwake kunali kamzere koti FOLR1 positive, 80%. Mukudziwa mmene liwu loti positive limatidulira mtima ife. Gulu lonse linangoti zii, kenako azakhali a ku Ntcheu anayamba kutumiza mavesi, amalume kufunsa ngati awa ndi matenda ena owonjezera pa khansa ija, pomwe zoona zake pa pepala lonselo kamzere kameneko ndi kokhako komwe kanali kopatsa mpweya. Nde ndati ndilembe bwinobwino kuti wina zikamugwera asayambe ndi kulira.

Musathamangire pa FOLR1 paja, yambani mwayang'ana pamwamba pomwe alemba dzina la khansayo. Kwathu tikangomva kuti mayi ali ndi khansa ya kumimba timati basi ndi ya khomo la chiberekero, n'zomveka chifukwa ndi imene yatithera azimayi ambiri ndipo ndi imene amayeza ndi viniga kuchipatala. Koma nkhani ya FOLR1 kwenikweni ndi ya khansa ina, ya m'thumba la mazira, ya m'timachubu todutsa mazira, ndi ya kachikopa kopyapyala kokuta zam'mimba. Kuyeza kwa viniga kuja sikuiona imeneyi, n'chifukwa chake ambiri imapezeka mimba itatupa kale madzi. Pa pepala muona mawu ngati epithelial ovarian, fallopian tube, primary peritoneal, ndipo nthawi zambiri pambali pake high-grade serous. Ngati ndi amenewo pitirizani kuwerenga.

FOLR1 ndi dzina la jini. Osati majini a kwa asing'anga chonde, amalume anafunsa zimenezo. Jini ndi kachidutswa ka DNA komwe kali ndi malangizo opangira puloteni imodzi, ndipo iyi imakhala pa chromosome 11, pamalo omwe amawalemba kuti 11q13. Puloteni yomwe imapangidwa kuchokera pamenepo amaitchula folate receptor alpha, mwachidule FRα, ndi yaing'ono, ma amino acid 257 basi, ndipo siikhala mkati mwa selo ayi, imalendewera kunja pa khungu la selo ngati mbedza. Ntchito yake ndi kukola folate, vitamini B9. Ikakola, khungu la selo limapindikira mkati n'kupanga kathumba, m'kathumbamo mumayamba kuwawasa, mbedza ija imataya folate, selo n'kumutenga, iyo n'kubwereranso kunja kukadikira wina. Ngati chidebe cha pachitsime, chimatsika chimakwera tsiku lonse.

Folate ameneyu si wachilendo, ali mu nyemba, mu bonongwe, mpiru, nkhwani, mtedza, chiwindi, ndipo dzina lake lenilenilo linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza tsamba, poti anamutulutsa koyamba m'masamba a sipinachi mu 1941. Ndi yemweyo ali m'mapilitsi owonjezera magazi omwe amapereka ku sikelo. Selo iliyonse ikafuna kugawikana imayenera kukopera DNA yake yonse, ndipo popanda folate njerwa zina zomangira DNA sizipangika. Khansa ndi selo yomwe yaiwala kupuma, imangogawikana, nde njala yake ya folate ndi yosasimbika. Madokotala anazidziwa kale izi, mu 1948 Sidney Farber ku Boston anaonetsa kuti mankhwala otsekereza folate otchedwa aminopterin amabweza khansa ya m'magazi mwa ana kwa kanthawi, ndipo methotrexate amene akugwirabe ntchito mpaka lero ndi m'bale wake. Ngakhale Fansidar ndi Bactrim omwe tonse tamwapo amapha tizilombo powatsekera njira ya folate yomweyi.

Pano nde pali pokoma. Maselo ambiri m'thupi salowetsa folate kudzera pa FRα, ali ndi khomo lina lotchedwa RFC. FRα imapezeka malo ochepa, m'timachubu ta mu impso, pamalo opangira madzi a mu ubongo, m'mapapo, mu nsengwa, ndipo m'malo ambiri amenewa mbedzazo zimalozetsa kumbali komwe magazi safika. Mu impso mwachitsanzo zimayang'ana mbali ya mkodzo, kuwedza folate kuti asatayike. Koma selo ya khansa ilibe kutsogolo ilibe kumbuyo, imamera mbedza mbali zonse komanso zambirimbiri, moti chilichonse choyenda m'magazi chitha kuzikhudza. Khansa ya m'thumba la mazira nde katswiri pa zimenezi, koma zimaonekanso mu khansa ya m'kati mwa chiberekero, ina ya m'mapapo, ndi ya m'mawere ija amati triple negative. Nde asayansi anaganiza ngati mmene timabisira tameki m'chakudya cha makoswe: poti selo ikumeza chilichonse chakola pa mbedza, tiikepo poizoni imeze yokha.

Mankhwala omwe anatheka amatchedwa mirvetuximab soravtansine, pa botolo amalemba Elahere. Ndi antibody, puloteni yomwe imazindikira n'kumata pa chinthu chimodzi chokha, iyi nde imaidziwa FRα, ndipo yamangiriridwa tinthu titatu kapena tinayi ta poizoni wotchedwa DM4. Antibody ikamata pa mbedza, selo imameza zonse, mkatimo chingwe chimaduka, DM4 n'kusokoneza timitengo tomwe selo imagwiritsa ntchito pogawikana, basi selo yafa, ndipo poizoni wina amadontha n'kupha ndi maselo oyandikana nawo. Chomwe chimandisangalatsa ine n'choti agogo ake a DM4 ndi a kuno ku Africa, ndi maytansine yemwe Morris Kupchan anamupeza mu 1972 m'kachitsamba ka ku Ethiopia ka mtundu wa Maytenus. Payekha anali waukali kwambiri, ankavulaza odwala, anakhala pa shelefu zaka zambiri mpaka atapeza njira yomunyamulitsa antibody.

Tsopano kuyezetsa kwake. Sayeza magazi. Ndibwerezenso, sayeza magazi, musasokoneze ndi CA-125 uja amakutengani magazi pafupipafupi, ameneyo ndi woona ngati khansa ikukwera kapena kutsika. FRα amayeza pa nyama ya chotupa yomwe anadula pa opareshoni kapena pa biopsy. Ku labu nyama imeneyo amaiumitsa m'phula longa la kandulo, kamakhala kabuloko kochepera bokosi la machesi, ndipo kamasungika zaka. Nde nthawi zambiri sipafunika kudulanso munthu, buloko yakale yomweyo imakwana. Chochita inu: pa lipoti la labu pamakhala nambala, ilembeni penapake, ijambuleni pa foni, ndipo ngati opareshoni inachitikira ku Lilongwe kapena ku Blantyre koma mukupita kukapitiriza chithandizo ku India, ku South Africa kapena kwa ana kunja, pemphani buloko imeneyo kudzera kwa adokotala anu munyamule limodzi ndi lipoti. Anthu amanyamula mafayilo a sikani olemera koma kabuloko aka kuiwala, kukafika uko n'kuuzidwa kuti tikufuna nyama. Ndipo ndi phula paja, musakasiye padzuwa kapena pa dashibodi ya galimoto.

Ku labu amasenga kagawo kopyapyala, amathira mankhwala omwe amadetsa bulauni paliponse pali FRα, kenako dokotala wa labu amayang'ana pa maikulosikopu. Chida chomwe chinavomerezedwa pa ntchitoyi ndi cha kampani ya Roche, pa pepala muona VENTANA FOLR1. Amayang'ana zinthu ziwiri nthawi imodzi ndipo apa nde pomwe anthu amasochera. China ndi kuda kwa utoto pa khungu la selo, 0 ndi wopanda kanthu, 1+ ndi wotumbuluka, 2+ ndi wapakatikati, 3+ ndi wakuda bii. China ndi kuchuluka kwa maselo omwe adetsedwa. Kuti alembe positive pamafunika maselo 75 mwa 100 alionse amoyo a chotupacho akhale pa 2+ kapena 3+. Nde tiwerengere limodzi. Pepala likati 50% ali pa 3+ ndipo 30% ali pa 2+, kuphatikiza ndi 80, positive. Likati 90% koma onse pa 1+, imeneyo ndi negative ngakhale nambala ikuoneka yonona. Likati 60% pa 3+, negative ndithu, ngakhale ndi zowawa kumva poti watsala pang'ono. Azimayi ambiri a khansa imeneyi ali nayo FRα ndithu, koma ofika pa mzere wa 75 ndi mmodzi mwa atatu kapena kupitirirako pang'ono.

Mwina mukuti bwanji aika mzere pamwamba chonchi, akufuna kumana anthu? Pali mbiri yake. Kafukufuku wamkulu woyamba wa mankhwalawa, FORWARD I, analephera mu 2019. Analowetsamo ndi omwe FRα yawo inali yapakatikati, komanso njira yowerengera yomwe anagwiritsa ntchito inali yachidule moti anthu ena omwe mbedza zawo zinali zochepa anawerengedwa ngati ali nazo zambiri. Atabwerera kukayang'ananso magalasi aja ndi njira yokhwima anaona kuti omwe anapindula ndi a mbedza zambiri okhaokha. Kampani ya ImmunoGen, yomwe inapanga mankhwalawa, inatsala pang'ono kugwa nazo. Ndipo si iwo okha, farletuzumab, antibody yopanda poizoni, inalephera mu 2013, vintafolide yemwe anamangirira poizoni pa folate weniweni anaimitsidwa mu 2014. Nde mzere wa 75 uja unabadwa ndi misozi.

Positive payekha sakukwana, pali kuwerenga kwina komwe kukufunika kope lanu. Mankhwalawa anavomerezedwa kwa omwe khansa yawo yasiya kumvera kemo wa platinum, ndiye kuti carboplatin kapena cisplatin, komanso alandirapo kale mitundu ya chithandizo umodzi mpaka itatu. Kusiya kumvera kumatanthauza kuti khansa yabwerera miyezi 6 isanakwane chilandirireni dripi yomaliza ya platinum. Nde lembani tsiku la dripi yomaliza, lembani tsiku lomwe sikani inaonetsa kuti yabwerera, werengani miyezi. Ngati yadutsa 6 kawirikawiri adokotala amabwereza platinum kaye chifukwa akugwirabe. Banja lililonse likhale ndi munthu mmodzi wosunga kope limeneli, osati aliyense kumakumbukira zake, winayu ati inali nthawi yokolola winayu ati ayi inali ya Khirisimasi.

Ndikuuzeni manambala ake osapsatira, chifukwa pa gulu lathu lija titangofotokoza kuti pali mankhwala, ena anayamba kulemba kuti alemekezeke achira. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linawavomereza mwachangu pa 14 November 2022 potengera kafukufuku wa SORAYA wa azimayi 106, momwe chotupa chinachepa mwa azimayi pafupifupi 32 pa 100 alionse. Kenako kunabwera MIRASOL, wotsogoleredwa ndi Kathleen Moore wa ku Oklahoma, azimayi 453, theka kulandira mirvetuximab theka kemo wamasiku onse. Chotupa chinachepa mwa azimayi 42 pa 100 olandira mirvetuximab, kwa a kemo azimayi 16 pa 100. Nthawi yomwe khansa inakhala osakula, miyezi 5.6 kuyerekeza ndi 4.0. Moyo, miyezi 16.5 kuyerekeza ndi 12.7 kapena 12.8, kutengera mmene mwadulira nambala. Amenewa ndi manambala a munthu wapakati pa mzere, ena amapitirira kutali ena safika. Kusiyana kwa miyezi pafupifupi inayi kumaoneka kochepa ukamawerenga uli bwino, koma pa khansa yomwe yakana platinum panali patapita zaka zambiri popanda mankhwala atsopano otalikitsa moyo, ndipo miyezi inayi ndi ukwati wa mdzukulu. Koma si kuchira, ndipo amene akugulitsa munda kuti alipire ayenera kudziwa zimenezi asanasaine. FDA inavomereza kotheratu pa 22 March 2024, mayiko a European Union mu November 2024, ndipo kampani ya AbbVie inagula ImmunoGen pa madola 10.1 biliyoni, nde mutha kuona nokha kuti botolo lake si la mtengo wa panado. Funsani za inshuwalansi, funsani ngati pali kafukufuku yemwe wodwala angalowe, musachite manyazi.

Akayamba kulandira, ndi dripi kamodzi pa milungu itatu iliyonse. Mlingo wake ndi mamiligalamu 6 pa kilo, koma osati makilo a pa sikelo, amawerengera mwa njira ina kuti onenepa asalandire wochuluka n'kuwononga maso. Amatenga kutalika m'masentimita, kuchulukitsa ndi 0.9, kuchotsapo 92. Mayi wa masentimita 160 zikupereka makilo 52. Ngati pa sikelo akulemera 80, kusiyana kwake ndi 28, amatengako 0.4 yake yomwe ndi 11.2, kuphatikiza ndi 52 ija, 63.2. Kuchulukitsa ndi 6 zikubwera pafupifupi mamiligalamu 379, pomwe akanatengera sikelo zikanakhala 480. Si ntchito yanu kuwerengera, a famase alipo, koma mukaona nambala yooneka yochepa musaganize kuti akukuberani.

Maso nde nkhani yomwe ndikufuna muigwire ndi manja awiri, chifukwa chenjezo lalikulu pa bokosi la mankhwalawa ndi la maso. Poizoni uja amakhudza kagalasi ka kutsogolo kwa diso, munthu amayamba kuona chifunga, maso kuuma, kuthothoka ngati muli mchenga, kuopa kuwala, ndipo mu MIRASOL pafupifupi anayi mwa khumi alionse anadandaula za kuona mwachimbuuzi. Ambiri zimabwerera mwakale akapumitsa kapena kuchepetsa mlingo, koma pokhapokha anene msanga. Vuto la amayi athu mukulidziwa, amapirira, ati ndisavutitse ana, ati ndi ukalamba. Afunseni tsiku lililonse, apatseni foni awerenge uthenga muone. Asanayambe ayenera kuonedwa ndi dokotala wa maso, kenako kuonedwanso modumphitsa dripi imodzi mpaka madripi 8 oyambirira atatha. Amapatsidwa mankhwala odontheza a mitundu iwiri. A steroid, dontho limodzi diso lililonse kasanu ndi kamodzi pa tsiku kuyambira dzulo lake la dripi mpaka tsiku lachinayi, kenako kanayi pa tsiku kuyambira lachisanu mpaka la 8. Enawo ndi onyowetsa maso, kosachepera kanayi pa tsiku nthawi yonse, ndipo mudikire mphindi 10 mukathira a steroid musanathire onyowetsawo, apo ayi mukutsuka oyamba aja. Ovala timagalasi tomata m'diso asiye kaye. Msuweni wanga anachita kujambula tebulo n'kumata pa firiji, alamu pa foni kasanu ndi kamodzi, chifukwa iye amagwira mashifiti ndipo mayi ake ankangothira akakumbukira.

Zina zoyang'anira ndi dzanzi kapena kubayabaya m'zala za manja ndi miyendo, nseru, kutsegula m'mimba, kutopa. Koma chifuwa chatsopano kapena kubanika, imbani foni tsiku lomwelo osadikira tsiku la dripi, mankhwalawa nthawi zina amatupitsa mapapo. Ndipo amavulaza mwana wa m'mimba, kwa omwe akadali pa msinkhu wobereka nkhani ya kulera ikambidwe poyambirira.

Funso lomwe linabwera kawiri pa gulu: nde ana ake aakazi akayezetse FOLR1? Ayi. Jini imeneyi tonse tili nayo, amuna ndi akazi, ndipo positive uja sakunena kuti jini yawonongeka kapena kuti ndi ya kumtundu, akungonena kuti chotupacho chaitsegula mokweza ngati wailesi ya pa bawa. Ya kumtundu yomwe muyenera kufunsa ndi BRCA1 ndi BRCA2, imeneyo nde imayenda m'magazi a banja, imakhudza achemwali, ana aakazi ngakhale aamuna, ndipo mayi aliyense wa khansa ya m'thumba la mazira ndi bwino ayezedwe. Kuwonongeka kwenikweni kwa FOLR1 kulipo koma ndi nkhani ina yosowa kwambiri, ya ana ang'onoang'ono omwe atengera jini yolakwika kwa bambo ndi mayi omwe, folate safika mu ubongo, mwana yemwe amakula bwino amayamba kubwerera m'mbuyo ndi kukomoka chakuma zaka ziwiri, anaifotokoza mu 2009 a gulu la Robert Steinfeld ku Germany ndipo amathandizidwa ndi folinic acid.

Lina linali la mlamu wanga yemwe ndi woyembekezera, ati nde ndisiye mapilitsi a ku sikelo poti folate amadyetsa khansa? Musayerekeze. Mamaikulogalamu 400 a folic acid pa tsiku ndi omwe amateteza mwana ku vuto la msana wosatsekeka, ndipo msana umenewo umatsekeka m'masiku 28 oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Mapilitsi amenewo sameretsa mbedza pa selo. Wodwala khansa nayenso asasiye ndiwo zamasamba ati ndikuimana chakudya khansa, afooka yekha khansa ili pheee. Chofunika kwa wodwalayo ndi kuonetsa adokotala botolo lililonse lomwe akumwa, mavitamini a m'sitolo, zitsamba zomwe azakhali atumiza pa ndege, zonse, chifukwa zina zimalimbana ndi kemo.

Pepala likalemba negative musalitaye. Funsani manambala enieni, angati pa 2+ angati pa 3+, chifukwa pali mankhwala ena olunjika pa FRα yomweyi omwe akuyesedwa pa anthu a mbedza zochepa, ndipo nambala yanu ya 40 kapena 60 itha kukhala tikiti yolowera kafukufuku. Kemo wina monga paclitaxel, liposomal doxorubicin ndi topotecan akadalipo.

Malo amodzi omwe folic acid amaletsedwadi ndi awa. Pali mankhwala ena otchedwa pafolacianine, dzina la pa botolo Cytalux, anachokera ku ntchito ya Philip Low wa pa yunivesite ya Purdue ku Indiana komweko. Awa sapha khansa, ndi folate womangiriridwa utoto wowala. Amabaya wodwala maola ochepa opareshoni isanayambe, utoto umakakola pa mbedza zija, dokotala akayatsa kamera yapadera timadontho ta khansa tomwe maso ndi zala sizikanatipeza timawala ngati ziphaniphani usiku. FDA inawavomereza mu November 2021 pa khansa ya m'thumba la mazira ndipo mu December 2022 pa ya m'mapapo. Poti amalowera pa mbedza yomweyo ya folate, munthu akamwa folic acid mbedza zimakhala zadzaza kale utoto n'kusowa pokola, nde lamulo lake ndi kusiya folic acid ndi mavitamini onse omwe muli folate maola 48 asanabayidwe. Tembenuzani botolo la mavitamini muwerenge kumbuyo, ambiri mwa osakanizawa muli folic acid ngakhale kutsogolo sanalembe.